Mwakweza Hilux n'kuikira matayala akuluakulu? Musamakhulupirire sipidomita

Amene mwakweza pikapu yanu ya dizilo n'kuchotsa matayala a 265/65R17 kuika a 285/70R17, dziwani kuti sipidomita yanu (chida choonetsa liwiro la galimoto) tsopano ikukunamizani. Tayala loyambalo ndi lotalika pafupifupi mamilimita 776, pomwe latsopanolo limafika 831. Likazungulira kamodzi limapita patali kuposa lakale ndi 7 peresenti, koma galimoto imawerengabe ngati kuti ili ndi matayala akale aja. Muvi ukaloza pa makilomita 80 pa ola, mungakhale muli pa 85 kapena 86, ndipo apolisi a pamsewu wa M1 akakuimitsani ndi kamera yawo, nkhani ya matayala sadzaimva.

Chitani izi: tsegulani pulogalamu yoyeza liwiro ndi GPS pa foni, mnzanu aigwire, inu muyendetse pamsewu wowongoka muli pa 50, kenako 80. Lembani manambala enieniwo pa kapepala, mumate pafupi ndi chiwongolero.

Makilomita nawonso amawerengedwa operewera. Choncho oyilo muzisintha msanga pang'ono kusiyana ndi zomwe mita ikuonetsa, makamaka ngati injini munaichunitsa kuti ikhale ndi mphamvu zambiri, chifukwa injini yotero imatentha kwambiri ikamakoka matayala olemera pachitunda. Powerengera mmene ikumwera dizilo, onjezerani 7 peresenti ija pa makilomita musanagawe ndi malita. Ambiri amathamangira kwa makaniko kukalipira ndalama akaona ngati galimoto ikumwa dizilo wambiri, poganiza kuti ma injector (zida zopopera dizilo mu injini) afa, chonsecho mbali ina ya vutolo ndi masamu chabe.