Momwe ndimaphunzitsira za Holocaust ndi nkhani ya Lulek

Aphunzitsi anzanga, musayambe ndi chiwerengero cha Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa ndi chipani cha Nazi cha ku Germany. Ana amangokopera m'kope n'kuiwala. Yambani ndi mwana mmodzi. Ine ndimatenga Israel Meir Lau, yemwe kwawo ankamutcha Lulek, wobadwa mu 1937 ku Piotrków m'dziko la Poland.

Lembani pa bolodi mayina atatu okha a malo amene Lulek anadutsamo: Piotrków, Częstochowa (kampu yogwiritsa akaidi ntchito yakalavulagaga), Buchenwald. Kenako fotokozani mwatsatanetsatane. Bambo ake, rabi (mtsogoleri wa chipembedzo cha Chiyuda) wa ku Piotrków, anaphedwa ku kampu yophera anthu ya Treblinka mu 1942. Mu Novembala 1944, asilikali akulekanitsa amuna ndi akazi pokwera sitima ya pamtunda, mayi ake anamukankhira kwa mkulu wake Naphtali, poganiza kuti kumbali ya amuna ogwira ntchito n'kumene mwana angapulumuke. Mayiwo anakafera ku kampu ya akazi ya Ravensbrück.

Pamenepa imani kaye. Funsani ana kuti mayi ameneyu anachita nkhanza kapena chikondi, ndipo alekeni atsutsane. Musafulumire kuwapatsa yankho lanu. Mphindi khumi zimenezi n'zimene amazikumbukira mpaka pa mayeso.

Mukatero pitirizani ndi kampu ya Buchenwald, pafupi ndi mzinda wa Weimar ku Germany, kumene Lulek ndi Naphtali anafika mu Januwale 1945. Naphtali anamubisa m'thumba. Mkati mwa kampu, mkaidi mnzake, mnyamata wa ku Rostov ku Russia, Fyodor Mikhailichenko, ankaba mbatatesi n'kumamudyetsa, ndipo anamulukira zofunda m'makutu kuti asafe ndi chisanu. Dzina la Fyodor musalidumphe: ana ayenera kumva kuti Lulek sanapulumuke yekha. Bungwe la ku Israel lokumbukira Holocaust la Yad Vashem linalemekeza Fyodor mu 2009, iye atamwalira kale.

Asilikali a America anamasula kampuyo pa 11 Epulo 1945, Lulek asanakwanitse zaka 8. Pambuyo pake anakhala Rabi Wamkulu wa Israel kuyambira 1993 mpaka 2003.

Zinthu ziwiri ndimakana. Sewero loti ena akhale asilikali ena akaidi limathera m'kuseka, ndipo mwana amene amanyozedwa kale ndiye amapatsidwa udindo wa mkaidi. Zithunzi za mitembo nazonso zimangodzidzimutsa, siziphunzitsa.

Chiwerengero chibwere pomaliza: ana achiyuda pafupifupi 1.5 miliyoni sanapulumuke. Ntchito ya kunyumba ikhale yoti aliyense alembe anthu amene anathandiza Lulek ndi chimene aliyense akanakumana nacho akanagwidwa.