Kukaonera amkhalakale a heavy metal kuchokera ku Blantyre

Munthu wa mu Blantyre amene amakonda nyimbo za heavy metal, mtundu wa nyimbo za rock zaphokoso lamphamvu la magitala ndi ng'oma, ayenera kudziwiratu kuti magulu akuluakulu a nyimbozi akabwera kuno kummwera kwa Africa, kawirikawiri amathera ku South Africa. Gulu la Metallica linaimba pa FNB Stadium ku Johannesburg mu 2013, ndipo la Iron Maiden linaimba ku Cape Town ndi ku Carnival City, kummawa kwa Johannesburg, mu May 2016, litabwera pa ndege yake ya Boeing 747 yomwe nthawi zambiri ankaiulutsa ndi woimba wawo, Bruce Dickinson. Choncho kukonzekera kwanu ndi kwa munthu wa paulendo wa ku Joni.

Mukamva kuti gulu lotere likubwera, osanena kuti mudzapita ulendo wina, chifukwa oimbawa akukalamba. Iron Maiden inayamba mu 1975, Metallica mu 1981, ndipo ambiri mwa oimba ake anapitirira zaka 60. Gulu la Black Sabbath linatsanzikana ndi anthu kwawo ku Birmingham pa 5 July 2025, ndipo woimba wawo, Ozzy Osbourne, anamwalira pa 22 mwezi womwewo.

Yambani ndi tikiti, osati ulendo. Matikiti amagulitsidwa pa intaneti miyezi ingapo tsiku lisanafike, ndipo muyenera kugula kwa wogulitsa amene gululo lamutchula pa tsamba lake, chifukwa amene amatsatsa matikiti pa Facebook kapena pa WhatsApp tsiku litayandikira ndi amene amaliritsa anthu pageti. Vuto lathu kuno ndi la ndalama zakunja. Kafunseni ku banki yanu ngati khadi lanu lingathe kulipira kunja komanso malire ake, ndipo ngati zikukanika, pemphani m'bale wokhala ku Joni akugulireni, kenaka akutumizireni tikitiyo pafoni. Pasipoti ikhale yoti sikutha posachedwa. Mmalawi amaloledwa kulowa m'dziko la South Africa ngati mlendo kwa masiku 30 popanda viza.

Ndege yochokera pa Chileka imafika pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni patangodutsa maola awiri. Basi ndi yotsikirapo mtengo, koma imadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ndipo imatenga usana ndi usiku, nthawi zina kuposerapo ngati pachipata pali mzere. Woyenda pabasi afike kukadali masiku awiri, chifukwa miyendo yotupa ndi ulendo siingapirire kuimirira usiku wonse.

Chimene ndikufuna kutsindika kwambiri ndi makutu. Ife tinazolowera masipika a paukwati, a pamsonkhano wa chitsitsimutso ndi a m'mabala a ku Ndirande kapena Bangwe, ndiye timaganiza kuti phokoso timalidziwa. Phokoso la gulu la heavy metal ndi lina, pakuti ng'oma ndi gitala ya besi zimamveka mpaka m'chifuwa. Akatswiri a za makutu amayeza phokoso m'madesibelo, ndipo amati munthu akhoza kukhala pa phokoso la madesibelo 85 kwa maola 8, koma likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawiyo imatsika ndi theka. Pa madesibelo 100, omwe maphwando a nyimbo zoterezi amafika ndi kupitirira, malire ake ndi mphindi 15 zokha, pamene gulu lalikulu limaimba pafupifupi maola awiri, osawerengera magulu otsegulira. M'kati mwa khutu muli timinyewa tating'onoting'ono tokhala ngati ubweya timene timalandira mawu, ndipo tikawonongeka sitimeranso. Kulira kwa m'makutu kumene munthu amamva akatuluka ndi chizindikiro chakuti tapwetekeka. Kwa ambiri kumatha pakapita tsiku limodzi kapena awiri, koma kwa ena kumakhala kwa moyo wonse, monga mmene zilili ndi Lars Ulrich, woimba ng'oma wa Metallica, yemwe wakhala akunena poyera za vutoli.

Gulani zotsekera m'makutu musanapite. Zofewa ngati siponji zimapezeka m'mafamase ndi m'masitolo ogulitsa zodzitetezera pantchito, ndipo kavalidwe kake n'kofunika: finyani kachipangizoko ndi zala mpaka kawonde, kokerani khutu m'mwamba ndi dzanja linalo, kalowetseni, kenaka kagwireni pang'ono mpaka kafufume. Zilipo zina zopangidwira oimba, zodulirapo, zimene zimachepetsa phokoso popanda kubisa mawu a gitala, ndipo kwa ine ndalama imeneyo siipita pachabe. Thonje silithandiza kwenikweni. Musachite nazo manyazi, chifukwa ogwira ntchito pansanja ndi alonda oima kutsogolo amavala zomwezo.

Malo oima musankhe mwanzeru. Kutsogolo kwenikweni, komwe ku South Africa amakutcha golden circle, mumawaona oimba pafupi, koma tikiti yake ndi yodula ndipo mumapanikizika. Amene akufuna kumva nyimbo bwino aime pafupi ndi pamene pakhala wosakaniza mawu, pakati pa bwalo, popeza iyeyo amakonza mawuwo malinga ndi mmene akumvekera pamalo pakepo. Kutsogolo kwa masipika ndi malo oyenera kuwapewa.

Nyimbo yothamanga ikayamba, anthu ena amatsegula bwalo pakati pa khamu n'kuyamba kukankhana ndi kuwombana mapewa. Amati mosh pit. Woona koyamba amayesa ndewu, koma ndi kavinidwe kokhala ndi mwambo wake: wina akagwa, oyandikana naye amaleka zonse n'kumudzutsa, nkhonya siziloledwa, ndipo wosafuna sakokeredwamo. Ngati simukufuna, sunthirani kumbali bwalo likangoyamba kutseguka. Ngati mukufuna, magalasi a maso ndi foni zikhale m'thumba la zipi.

Valani nsapato zotseka zomanga bwino, osati masilipasi. Ambiri amavala malaya akuda a gulu limene amalikonda, koma palibe amene angakubwezeni chifukwa cha mtundu wa malaya. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda kwambiri kuposa Blantyre, ndipo usiku wa May mpaka July kumazizira koposa chiperoni chathu, choncho tengani juzi yoti mutha kuimanga m'chiuno mukatenthedwa. Idyani musanalowe ndipo muzimwa madzi.

Za kubwerera kogona mukonzeretu masana. Anthu masauzande akatuluka nthawi imodzi, netiweki imavuta ndipo mitengo ya magalimoto oitanitsa pafoni imakwera, choncho pezani malo ogona apafupi, kapena gwirizanani ndi wodzakutengani za malo enieni okumanirana. Ngati makutu akulirabe patatha masiku angapo mutabwerera ku Blantyre, pitani kuchipatala cha Queen Elizabeth, kumene kuli gawo loyeza makutu.