Momwe mungasokere jekete la mvula la pulasitiki woonekera mkati

Jekete la mvula loonekera mkati linalowa m'fashoni kalekale. Mary Quant, katswiri wokonza zovala wa ku London, anaonetsa zovala za pulasitiki wotchedwa PVC ku Paris mu 1963. Mufilimu ya Blade Runner ya 1982 muli mkazi wothawa atavala jekete lotere, akuphwanya magalasi a masitolo. Mu 2017 a kampani ya zovala ya Chanel, wokonza zovala wawo Karl Lagerfeld adakali moyo, anaveka atsikana awo oonetsa zovala zipewa, nsapato zofika m'maondo ndi majekete a pulasitiki woonekera, ndipo a kampani ina ya Burberry nawonso sanatsalire chaka chomwecho. Za mitengo yake musafunse n'komwe. Chikhalirecho chinthucho ndi pulasitiki basi, m'bale wake wa uja timayala patebulo, ndipo makina opalasa ndi phazi amamusoka bwinobwino.

Yambani ndi kugula. Funsani pulasitiki wa patebulo wogulitsidwa pa mita, wochindikala mamilimita 0.2 kapena 0.3. Wopyapyala kuposa apa amang'ambika, wochindikala kwambiri amaima yekha ngati lata. Mamita atatu amakwana munthu wamkulu, chipewa chomwe. Muuzeni wogulitsa atambasule mpukutu muone nokha. Ena amakudulirani wakumapeto, wokhalitsa padzuwa, wachikasuchikasu ndiponso womata m'manja, mtengo n'kukhala womwewo. Poyeza muimirire pomwepo, chifukwa pulasitiki amakokeka, ndiye wogulitsa wochenjera akamukoka mita imafika kunyumba itachepa.

Pateni musavutike nayo. Tengani jekete lakale la pa kaunjika lokukulirani pang'ono, limasuleni m'misoko, yalani zidutswazo pa pulasitiki n'kudula. Choko sichigwira, lembani ndi maka kunja kwa mzere wodula kuti inkiyo ipite ndi zotaya. Simbi isayandikire. Ngati pali makwinya, muyanikeni padzuwa kanthawi kochepa, aongoka yekha.

Tsopano pamsoko, pamene pagona nkhani yonse. Nsalu mukaisoka molakwika mumamasula n'kuyambiranso, mabowo amatsekeka okha. Pulasitiki ayi, paliponse pamene singano yalowa bowolo ndi lamuyaya. Jekete langa loyamba ndinalisoka ndi msoko wothinana umene ndimasokera chitenje. Linkaoneka bwino lili pahang'ala, koma mwini wake atangokweza dzanja, mkono wonse unathothoka motsata mzere wa singano ngati risiti yong'ambidwa m'buku. Mabowo oyandikana kwambiri ndi mpeni. Choncho talikitsani msoko, mamilimita atatu ndi theka kapena anayi, ndipo pomaliza musabwerere m'mbuyo kangapo pamalo amodzi, ingomangani ulusi ndi manja. Ulusi ukhale wa poliyesita, wa thonje umamwa madzi n'kuola. Singano ikhale yatsopano, nambala 14 kapena 16.

Vuto lina pomwepo ndi kumata. Pulasitiki amakakamira ku kaphazi kachitsulo kopondereza nsalu, makina n'kumangobaya pamalo amodzi, ndiye mabowo othinana aja abweranso ngakhale munatalikitsa msoko. Kulipo kaphazi ka Teflon kamene kamaterereka, koma si makina onse amene mungakapezere. Njira yachidule ndi kumata tepi ya pepala pansi pa kaphazi kanu, kapena kuika pepala lopyapyala pamwamba ndi pansi pa pulasitiki, n'kuling'amba mukamaliza. Nyuzipepala ayi, inki yake imalowerera ndipo sichoka. Ena amathira mafuta a makina. Amatereradi, koma jekete limatsala ndi madontho oonekera kwa aliyense. Mapini nawonso ndi oboola, panirani ndi zopanira zovala pachingwe. Musadzione ngati wolephera mukavutika apa. Mary Quant yemwe uja misoko inamuzunza, ndipo majekete ake anayamba kupangidwa ochuluka mu 1965 atagwirizana ndi kampani ya Alligator yodziwa zovala za mvula.

Kumbukiraninso kuti chilichonse cha mkati chikuoneka. Msoko wokhota palibe pouphimba. Ine ndimakuta m'mphepete monse ndi timizere ta chitenje todula mopingasa, timabisa msoko komanso timaulimbitsa. Sankhani chitenje chosasuluka, muchichape kaye.

Zotsalazi mukuzidziwa. Mapewa, mikono, m'mbali, chipewa pomaliza. Ikani mabatani odina, kumbuyo kwake muike kachidutswa kena ka pulasitiki kuti asazuke. Misoko ya m'mapewa imatireni ndi tepi yoonekera kapena guluu wa PVC wosauma gwa, apo ayi madzi azilowera m'mabowo a singano. M'khwapa boolani timabowo tingapo, chifukwa pulasitiki satulutsa mpweya, ndipo ndi kutentha kwa mu Disembala mudzanyowa ndi thukuta mvula isanakukhudzeni. Posunga lipachikeni pamthunzi, musalipinde.