Sayansi ya pakhonde: kachewere, chidulo ndi mwala wa pa ulusi

Si sukulu iliyonse ya sekondale ku Angónia, Tsangano kapena Macanga imene ili ndi labotale yokhala ndi zipangizo. Mwana amatha kufika tsiku la mayeso ataloweza matanthauzo a osmose, pH ndi energia m'Chipwitikizi, koma asanaonepo n'chimodzi chomwe ndi maso ake. Zoloweza zotere zimathawa m'mutu funso likangotembenuzidwa pang'ono. Zoyesa zitatu zili m'munsizi zimatheka pakhonde ndi zinthu za m'khitchini ndi za pamsika, ndipo chilichonse chimatulutsa nambala kapena mtundu woti ulembedwe m'kope. Pa zonsezi sinthani chinthu chimodzi chokha, zina zonse zikhale zofanana, ndipo muyambe mwalemba zimene mwaona musanafotokoze chifukwa chake.

Poyezera mufuna rula, wotchi ya pa foni, supuni ya tiyi, botolo la madzi la 500 ml ndi sirinji yatsopano ya 10 ml kapena 20 ml yopanda singano. Supuni ya tiyi yosalazidwa pamwamba ndi mpeni imatenga 5 ml. Ukakhala mchere wosalala, amenewo ndi magalamu pafupifupi 6. Supuni ya mulu imaononga masamu onse. Manambala talemba monga a m'mabuku a kuno, 9,8 osati 9.8.

Osmose mu kachewere

Sungunulani masupuni 5 a mchere, magalamu 30, m'botolo la madzi 500 ml. Khutchumulani mpaka pansi pasaoneke kanthu. Madzi amenewa ali ndi mchere pafupifupi 6 pa 100. Ndandalikani makapu anayi ndi kuwalemba A, B, C, D. Mu A thirani madzi okhaokha 120 ml. Mu B thirani 20 ml ya madzi a mcherewo ndi 100 ml ya madzi wamba, zimene zikupereka mchere 1 pa 100. Mu C, 60 ml ndi 60 ml, ndiye 3 pa 100. Mu D, 120 ml ya madzi a mchere osasungunulanso.

Tengani mbatata yaikulu ya kachewere, batata-reno ija imadzaza misika ya ku Ulónguè ndi Tsangano, yokumba kumene, yolimba. Isendeni, mudule timizere 12, kalikonse kotalika masentimita 5, m'mbali sentimita imodzi. Apa ndi pofunika kudekha. Ikani timizereto pamodzi pathabwa, mudule nsonga zake kamodzi ndi mpeni wakuthwa kuti tifanane ndendende, kenako muyeze kalikonse mpaka pa milimita ndi kulemba. Ponyani titatu m'kapu iliyonse, tonse timire, muvindikire, mudikire maola awiri pamthunzi.

Mukavuula, pukutani pang'ono ndi kansalu, muyezenso, ndipo kalikonse mukapinde ndi zala. Ta mu A timakhala titatalikirako, kawirikawiri ndi milimita imodzi mpaka atatu, ndipo timauma gwa, ukakakamiza kupinda kamathyoka. Ta mu D timafupika n'kukhala lobodolobodo ngati mphira. Ta mu C timafupikanso koma pang'ono. Ta mu B sitisintha kwenikweni, ndipo kapu imeneyi ndi imene ili ndi phunziro lalikulu.

Selo iliyonse ya mbatata inakutidwa ndi kachikopa kopyapyala, membrana, kamene kamalola madzi kudutsa mosavuta koma kamatchinga zambiri zosungunuka m'madzimo. Madzi amayenda kuchoka kumbali imene kuli zosungunuka zochepa kupita kumbali imene kuli zochuluka, ndipo kuyenda kumeneku ndiko osmose. Mu A zochuluka zili m'kati mwa selo, choncho madzi amalowa, selo imafufuma n'kukankha khoma lake. Siphulika chifukwa khoma la selo ya chomera ndi lolimba, ndipo kukankhako ndi kumene kumaimiritsa tsamba la chimanga m'mawa. Mu D zochuluka zili kunja, madzi amatuluka. Mu B mbali ziwirizi zatsala pang'ono kulingana, ndiye olowa ndi otuluka ndi ofanana. Ophunzira ambiri amalemba kuti "madzi asiya kuyenda", koma kumeneko ndi kulakwa. Akuyendabe mbali zonse ziwiri, kungoti palibe mbali imene ikupambana. Mukajambula mzere, mchere pansi, kusintha kwa utali m'mbali, pamene mzerewo ukudutsa pa ziro ndi pamene pakukuuzani kuchuluka kwa zosungunuka m'madzi a m'selo za mbatata yanuyo.

Onjezani kapu yachisanu ya madzi okhaokha, muikemo timizere towiritsa kwa mphindi zisanu. Sitiuma gwa ngati ta mu A, pakuti kutentha kwaononga membrana, palibenso chosankha cholowa ndi chotuluka.

Zikakanika, kawirikawiri vuto limakhala limodzi mwa awa. Khungu lotsalira limatchinga madzi. Mbatata yokhalitsa m'thumba inafota kale, imamwa madzi ngakhale mu B. Mchere wamiyala ukapanda kusungunuka wonse, madziwo sakhala 6 pa 100. Timizere tochokera ku mbatata zosiyana timasokoneza chifukwa shuga wake safanana. Ndipo musasiye usiku wonse nyengo yotentha, timayamba kuola.

Mlimi amene anathirapo ureya mogunditsa ku phesi la chimanga nthaka ili youma, n'kuona masamba akupsa, anachita kale kapu D m'munda mwake. Fetelezayo amasungunuka m'chinyontho chochepa, madzi a pamizu amakhala ndi zosungunuka zambiri kuposa a m'selo, mizu n'kumataya madzi m'malo momwa. N'chifukwa chake feteleza amaikidwa motalikirako ndi phesi, nthaka ili yonyowa. Nsomba za ku Cahora Bassa zothiridwa mchere n'kuyanikidwa zimakhalitsa pa chifukwa chomwecho: mchere umakoka madzi m'mnofu ndi m'tizilombo toolesa.

Asidi ndi base, kuweruza ndi mtundu

Dulani masamba awiri kapena atatu a kabichi wofiirira tizidutswa ting'onoting'ono, pafupifupi kapu imodzi. Thirani makapu awiri a madzi owira kumene, muvindikire mphindi 15, musefe ndi nsalu yoyera. Madzi a pepo amene atsalawo ndi choyezera chanu. Muli anthocyanin, utoto umene umasintha mtundu malinga ndi pH, nambala yosonyeza ngati madzi ali asidi (yosakwana 7) kapena base (yoposa 7). Kabichi wofiirira akasowa pamsika, chidede chimagwira ntchito, pokumbukira kuti icho ndi chowawasa kale, choncho chimayamba chili chofiira ndipo chimaonetsa bwino base kuposa asidi.

Gawani madziwo m'timakapu toonekera mkati, 20 ml kalikonse, pa pepala loyera. Kamodzi musathiremo kanthu, kakhale kofanizira. M'tinato thirani 5 ml ya chinthu chimodzi: madzi a mandimu, viniga, madzi a malambe, madzi a bwemba, soda wophikira wosungunula, madzi a sopo, ndi chidulo.

Mandimu, amene pH yake ili pafupi ndi 2, amasandutsa madziwo ofiira. Viniga, malambe ndi bwemba zimapereka pinki. Soda, pH pang'ono kupitirira 8, amapereka buluu. Chidulo chimapita patali, chimabiriwitsa, ndipo chikakhala chakupsa kwambiri chimapendekera ku chikasu. Pa pH 7 mtundu umakhala wa pepo womwe uja. Muyeso wa pH suyenda ngati wa pa rula: kutsika ndi nambala imodzi ndiye kuti asidi wakula kakhumi, motero pH 2 ndi yamphamvu ka 100 kuposa pH 4.

Chidulo chikuyenera kuchiyang'ana kawiri. Amayi akadontheza madzi pa phulusa la zitsononkho kapena la makoko a nyemba, madziwo amasungunula carbonato ya potaziyamu imene ili m'phulusamo, ndipo imeneyi ndi base. Base imafewetsa makoma a maselo a masamba, n'chifukwa chake therere kapena khwanya wa chidulo amapsa msanga. Imaononganso ena mwa mavitamini, makamaka C ndi B1, choncho chisamachuluke m'ndiwo. Pokonza choyesera, supuni zazikulu zinayi za phulusa loyera m'kapu imodzi ya madzi, kusefa kawiri, n'zokwanira. Chisalowe m'maso.

Tsopano tengani kapu yobiriwira ya chidulo ija, muzidonthezeramo viniga ndi sirinji, 1 ml nthawi imodzi, mukutakasa. Mtundu ubwerera m'mbuyo: buluu, pepo, kenako pinki. Lembani mamililita amene anafunika kuti ufike pa pepo. Kumeneko ndiko kuthetsana mphamvu kwa asidi ndi base, neutralização, ndipo ndi zomwe laimu amachita m'munda wa nthaka ya asidi. Mukathamanga, mudumpha pepo osamuona.

Viniga akakumana ndi soda pamatuluka mpweya wa CO₂, ndipo mukhoza kuugwira. Thirani 100 ml ya viniga m'botolo la pulasitiki la 500 ml, muike supuni imodzi ya tiyi ya soda m'baluni, muveke baluniyo pakamwa pa botolo, kenako muiimike kuti soda agwere. NaHCO₃ + CH₃COOH → CH₃COONa + H₂O + CO₂. Viniga wa 5 pa 100 wochuluka chotere amatha kudya magalamu 7 a soda, ndiye supuni imodzi imatha yonse, n'kutulutsa mpweya woposa lita imodzi. Mukaika masupuni atatu, baluni sifufuma katatu, chifukwa viniga amayamba kutha, soda wotsala n'kukhala pansi. Musatseke botolo ndi chitsekerero chake, likhoza kuphulika. Madzi a m'batire ya galimoto, soda wa sopo woyabwa uja ndi jiki zisayandikire zoyesazi, ndipo jiki akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa chlorine umene umapweteka mapapo. Palibenso kulawa.

Mwala wa pa ulusi ndi 9,8

Mangani kamwala kolemera kapena nati yachitsulo ku ulusi wosatamuka, monga wosokera matumba. Kolekani ku msomali wa pa mtanda wa chitseko, pamalo opanda mphepo. Utali uyezedwe kuchokera pa msomali mpaka pakati pa mwala, osati pamwamba pake, ukhale mita imodzi. Kokerani mwalawo pambali masentimita 15 okha, muusiye osaukankha. Kupita ndi kubwerera pamene unayambira ndiye ulendo umodzi. Yezani nthawi ya maulendo 20, mugawe ndi 20, ndipo muchite katatu.

Mupeza pafupifupi masekondi 40, kutanthauza kuti T, nthawi ya ulendo umodzi, ndi masekondi 2. Werengerani g, muyeso wa kukoka kwa dziko, motere: g = 4π²L ÷ T², L ndi utali wa ulusi m'mamita. Tinene kuti wotchi yaonetsa 40,2. T ndi 2,01, T² ndi 4,04, ndipo 39,48 kugawa ndi 4,04 ikupereka 9,77 m/s². Nambala ya m'buku ija, pafupifupi 9,8, yatuluka pakhomo panu.

Chifukwa choyezera maulendo 20 ndi chala. Munthu amachedwa kapena kufulumira kudina ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Pa ulendo umodzi kulakwa kumeneko ndi 10 pa 100, pa maulendo 20 kumatsika kufika theka la 1 pa 100. Cholakwa china chofala ndi kuwerenga "wani" pamene mukuusiya mwala. Pamenepo ndi ziro. Woyamba ndi wani amayeza maulendo 19, g wake n'kukwera kufika pafupi ndi 11. Mwala ukamazungulira m'malo mopita ndi kubwera mumzere umodzi, yambiraninso.

Kenako sinthani chimodzi. Mangani nati ziwiri m'malo mwa imodzi, utali womwewo: nthawi sisintha, ngakhale ambiri amalumbira kuti cholemera chifulumira. Fupikitsani ulusi ufike masentimita 25: T imakhala sekondi imodzi. Utali wachepa kanayi, nthawi yachepa kawiri, chifukwa T imatsata raiz quadrada ya utali.

Mwala ukakhala kunsonga ya ulendo wake umaima kamphindi, mphamvu yake yonse ili ya malo okwera, mgh, kutanthauza makilogalamu ake × g × mamita amene wakwera. Ukafika pansi yonse yasanduka ya liwiro. Kusinthana komweku ndi kumene kukuchitika ku Songo, kumene damu la Cahora Bassa, lotalika mamita 171 m'mwamba, linatseka Zambezi mu 1974. Madzi amagwa mamita pafupifupi 100 asanamenye makina asanu opukusa magetsi, aliwonse a 415 MW, onse pamodzi 2075 MW. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye ikagwa mamita 100 imapereka 1 × 9,8 × 100, majoule 980, okwanira kuyatsa babu ya 10 W kwa masekondi 98 zikanakhala kuti palibe yotayika. Kuti mupeze madzi ofunika pa sekondi iliyonse, gawani 2 075 000 000 ndi 980, pakuti 2075 MW ndi majoule 2 075 000 000 pa sekondi. Yankho limapitirira malita mamiliyoni awiri, ndipo enieniwo amaposa pamenepo chifukwa mphamvu ina imathera m'kukhulana kwa madzi ndi zitsulo n'kusanduka kutentha, monga momwe mwala wa pa ulusi umachepetsera maulendo ake pang'onopang'ono mpaka kuima.