Kupopera thonje mopewa chiopsezo cha khansa

Mwafunsa mmene mungapoperere popanda mankhwala kulowa m'thupi. Ena amaononga pang'onopang'ono: mu 2015 nthambi yoona za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inati glyphosate, wophera udzu, angathe kuyambitsa khansa.

Konzani ovolosi, majombo, magolovesi a labala (ansalu amamwa mankhwala), masiki, sopo ndi ndowa ya madzi.

1. Yesani sipuleya ndi madzi okha. Ikamadontha, mankhwala amanyowetsa msana tsiku lonse.
2. Valani zonse musanatsegule botolo. Mankhwala osasungunula ndiwo oopsa kwambiri.
3. Yezani monga zalembedwera pabotolo, takasani ndi kamtengo.
4. Poperani m'mamawa, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu. Ambiri amalakwa apa: dzuwa la ku Ngabu likakwera amavula ovolosi, pomwe khungu la thukuta limamwa mankhwala msanga. Kukatentha, lekani, mudzapitirize madzulo.
5. Pakamwa pa sipuleya pakatsekeka, musauzire ndi mlomo. Musadye, kumwa kapena kusuta fodya.
6. Mankhwala akatha m'botolo, litsukeni katatu, madziwo thirani mu sipuleya, kenako libooleni kuti wina asasungiremo mchere.
7. Sambani ndi sopo. Ovolosi ichapidwe payokha, kutali ndi chitsime ndi mtsinje wa Shire.