Momwe gulu lingakonzekerere ulendo wa ku Tanzania kuchokera ku Chikwawa ndi Nsanje

Kwa ife a kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, kutuluka m'dziko si nkhani yachilendo. Ambiri tili ndi abale kutsidya ku Mozambique, Chisena ndi chomwecho, ndipo munthu amatha kudutsa pa Marka m'mawa n'kubwerako madzulo. Koma kwaya ya mpingo, amayi a banki m'khonde kapena ochita geni akapangana zopita ku Dar es Salaam, chizolowezi chimenechi chimapusitsa. Kumeneko kulibe mbale wokuyankhulirani, ndipo munthu mmodzi akalakwitsa, gulu lonse limaima naye.

Yambani ndi kusankha mtsogoleri ndi msungichuma, akhale anthu awiri osiyana. Ntchito yoyamba ya mtsogoleri ndi kuona pasipoti ya aliyense ndi maso ake. Mawu akuti "ilipo, ili m'sutikesi" musawalole. Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 kuti ithe mphamvu, ndipo chiphaso chongodutsira pa malire a pafupi sichingakufikitseni ku Dar es Salaam. Amene alibe apite msanga ku ofesi ya Immigration ku Blantyre, tsiku la ulendo lisanaikidwe n'komwe. Mmalawi wopita kukacheza kwa masiku ochepa safunika viza ku Tanzania. Jambulani tsamba la chithunzi la pasipoti iliyonse, mtsogoleri asunge makope. Ngati pali mwana amene akuyenda opanda makolo ake, atenge kalata yachilolezo yochokera kwa makolowo.

Kenako ndalama. Zosonkha zonse zilembedwe m'kabuku, ndipo pakhale thumba lapadera la zogwa mwadzidzidzi. Ndalama zakunja zimavuta kupeza, choncho yambani kufunsa ku banki nthawi ikadalipo. Pa malire mudzapeza anyamata osintha ndalama atanyamula mipukutu. Wosadziwa mtengo wa shilling tsiku limenelo amabedwa akumwetulira.

Njira ndi yaitali: kukwera chitunda cha Thabwa kufika ku Blantyre, n'kulunjika kumpoto mpaka Karonga, kudutsa pa Songwe, kutsidya kwake ndi Kasumulu. Tengani juzi. Ife tinazolowera kutentha kwa Ngabu ndi Bangula, koma dera la Mbeya, limene mudzadutse mukalowa mu Tanzania, ndi la mapiri ndipo mu June ndi July kumazizira kwambiri. Majumbo asiyeni kunyumba, chifukwa Tanzania inaletsa matumba a pulasitiki amenewa kuyambira pa 1 June 2019. Katundu mangani m'chitenje kapena m'chikwama cha nsalu.

Mukangowoloka, sunthani wotchi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi. Palinso china chimene chimasiyitsa anthu basi: m'Chiswahili maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, ndiye kondakitala akati "saa moja asubuhi" akunena 7 koloko m'mawa, osati 1 koloko. Mtsogoleri azifunsa kawiri, makamaka pogula matikiti.

Tsopano nkhani ya miyambo, imene magulu ambiri amaiiwala chifukwa mitu imakhala ili pa katundu wa ku Kariakoo, msika waukulu wa mu Dar es Salaam. Khalani pansi sabata imodzi ulendo usanachitike, muphunzitsane moni. Anthu a ku Tanzania salowa m'nkhani asanalonjerane, ngati mmene ife sitingapitirire agogo ali pakhonde osawapatsa moni. Kwa wamkulu mumati "shikamoo", iye amayankha "marahaba". Pothokoza mumati "asante". Kungofika pa sitolo n'kuloza chinthu ndi chala kumaoneka mwano, ndipo mtengo sutsika kwa munthu wamwano. Popereka ndalama, polandira kanthu ndi pakudya, gwiritsani dzanja lamanja.

Kugombe la nyanja ya mchere kuli Asilamu ambiri, ndipo ku Zanzibar ndiwo ochuluka zedi. Ngati mudzakwera sitima ya pamadzi kupita kumeneko, pasipoti ikhale m'manja chifukwa amaionanso pofika. Amayi athu pano savutika: chitenje ndi bulauzi yobisa mapewa n'zokwanira. Amene amafunika kuwalankhula ndi achinyamata a makabudula afupiafupi ndi malaya opanda manja. Fufuzaninso ngati ulendo wanu ukugwa m'mwezi wa Ramadan, popeza umasuntha chaka ndi chaka. Nthawi imeneyo musamadye kapena kumwa poyera masana pamaso pa anthu osala kudya. A kwaya, ndikudziwa kuti nyimbo imabwera yokha mukakhala pamodzi, koma si ponseponse poyimbira. Pafupi ndi mzikiti pa nthawi ya mapemphero, kapena usiku pa malo ogona alendo, dikirani kaye.

Foni nayo iikireni lamulo. Musajambule munthu musanapemphe, ndipo apolisi, asilikali ndi maofesi a pa malire musawajambule n'komwe.

Mu mzinda yendani awiriawiri kapena atatuatatu, aliyense ali ndi kapepala kolembapo dzina la malo amene mukugona ndi nambala ya mtsogoleri. Ku Kariakoo anthu amakhala pikitipikiti, kusochera sikuchedwa. Pogula katundu pemphani malisiti ndipo muwasunge bwino, aliyense akhalenso ndi ndalama yapadera ya msonkho, chifukwa pobwerera a MRA pa Songwe adzafuna kudziwa zimene mwanyamula ndi mtengo wake.