Thireyi yosokerapo pa ulendo wa motorhome

Kuchoka ku Johannesburg kupita ku Durban pa msewu wa N3 ndi mtunda woposa makilomita 550, ndipo kwa munthu wokonda kusoka kapena kuluka, maola onsewo ndi mpata woti manja agwire ntchito. Vuto ndi lakuti mu motorhome, galimoto ija yokhala ndi bedi, sitovu ndi tebulo m'kati mwake, chilichonse chimene mwaika patebulo chimayamba kuyenda chokha dalaivala akangoponda mabuleki. Ine ndinaphunzira zimenezi mowawa, pamene singano yanga inagwera pakati pa makushoni tikutsika zitunda za Van Reenen, n'kudzapezeka madzulo italasa mdzukulu wanga pabondo. Titabwerera kunyumba ndinapanga thireyi imene ndifotokoze panoyi.

Pezani thireyi yakale yokhala ndi m'mphepete mokwera, ya masentimita pafupifupi 40 m'litali ndi 30 m'lifupi. Pafunikanso chidutswa cha chitenje, mpunga wosaphika kilogalamu imodzi, kontena ya ayisikilimu ya malita 2 ndi chivundikiro chake, guluu wolimba, Velcro (timalamba tiwiri timene timagwirana tikakhudzana) ndi maginito. Velcro amagulitsa pamita m'masitolo a nsalu, monga a ku Oriental Plaza ku Fordsburg, koma zina zonsezi mwina zili kale m'nyumba mwanu.

Yambani ndi pilo wa pansi, chifukwa ndiye mwini nkhani yonse. Sokani chitenjecho ngati thumba lofanana kukula ndi thireyi, thiranimo mpunga, kenako tsekani pakamwa pake ndi msoko wobwereza kawiri kuti njere zisamatuluke. Musadzaze thumbalo mpaka kulimba. Lisiyeni lofewa kuti mukaliika pamiyendo, mpunga uzisendera m'mbali ndi kugwira maondo anu. Kulemera kwa mpungako n'kumene kumachititsa kuti thireyi ikhazikike ngakhale galimoto idutse pa bampu. Ena amaikamo siponji, koma ine sindiikonda chifukwa ndi yopepuka ndipo imadumpha. Matani mbali imodzi ya Velcro kunsi kwa thireyi ndi kusokerera mbali inayo pa pilo, kuti tsiku lina mudzathe kuchotsa piloyo, kukhuthula mpunga ndi kuchapa nsalu.

Maginito abwino amapezeka mu labala wa chitseko cha furiji yakale. Ng'ambani labalayo ndi mpeni ndipo mudzapezamo kalamba kakuda kofewa, kamene mungadule ndi sizasi ndi kumata m'mbali ya thireyi yotalikirana ndi mimba yanu. Kalambako kamagwira bwino singano zosokera ndi mapini, popeza zimenezi ndi zachitsulo. Singano zolukira za aluminiyamu, zapulasitiki kapena zansungwi sizigwidwa ndi maginito, choncho zimenezi zisokereni kathumba kopapatiza kumbali kwa pilo, kakuya moti nsonga zake zisamaonekere kunja.

Kontena ija ndi ya ulusi wolukira. Boolani chivundikiro ndi msomali wotentha, mukhule m'mphepete mwa bowolo kuti musakhale mokala, chifukwa pulasitiki yokala imadya ulusi pang'onopang'ono mpaka kuudula. Ikani mpira wa ulusi m'kati, tulutsani nsonga yake pabowo, tsekani. Mpirawo uzigubuduzika m'kontenamo osagwera pansi pomwe pali fumbi ndi mchenga wa kunyanja. Ngati mukuluka ndi mitundu iwiri, boolani mabowo awiri motalikirana ndi kuika katoni pakati kuti ulusi usapiringizane. Kontenayo muimatenso ndi Velcro pakona ya thireyi.

Pa nkhani ya sizasi, ndikupemphani kuti muisiye mu dirowa mpaka mutaima. Chowengera zikhadabo chimadula ulusi bwino lomwe ndipo chilibe nsonga yolasa; chimangirireni ndi chingwe chachifupi ku chogwirira cha thireyi.

Galimoto ikamayenda khalani pampando umene uli ndi lamba, mumange lambayo, ndipo thireyi ikhale pamiyendo patsogolo pa lamba. Musakhale pabedi, ndiponso musagwire singano zazitali pampando wakutsogolo pamene pali airbag, pilo ya mpweya yotetezera pa ngozi, chifukwa ikaphulika imakankha chilichonse chili m'manja mwanu kulunjika pachifuwa ndi kumaso. Ntchito yoyenera pamsewu ndi yoluka ndi singano yaifupi ya ngowe, monga chipewa cha mwana kapena tizidutswa ting'onoting'ono ta bulangete la m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Zopeta maluwa zofuna kuwerenga timabowo ta nsalu zidikire mpaka mufike pamalo ogona, pakuti kuyang'anitsitsa pafupi galimoto ikugwedezeka kumabweretsa chizungulire ndi nseru. Pa chigwa chotambalala cha ku Free State, kuchokera ku Villiers mpaka ku Harrismith, msewu ndi wowongoka ndipo mungaluke mtima uli m'malo, koma mukayandikira zokhotakhota za Van Reenen bwezerani singano m'kathumba kake, dzutsani mutu muyang'ane mapiri, mudzapitirize mukafika kumunsi.